Mayi wa M'ngodya

Ana onse anali atagona pabalaza, wina mwendo uli pamimba pa mnzake, ndipo Kachete anali atagwada pakhonde akudula makatoni pamene azakhali ake anakoka mpando kudzamva zimene wakonzera mawa, tsiku loti makolo adzaone zomwe ana awo amaphunzira m'nyumbamo. Azakhaliwo anali atanena kale mosabisa kuti makolo akakhumudwa n'kusamutsira ana awo ku sukulu yatsopano ya makatungwe patsidya pa msewu, Kachete alongedza chikwama n'kubwerera kwa bambo ake, kumene kunalibe ntchito yomudikira ngakhale bedi loti n'kulitcha lake.

"Tiye, ndikumva," anatero azakhali monong'ona, kuopa kudzutsa ana. "Koma uyankhe zimene ndakufunsa basi. Za ulaliki ndilibe nazo nthawi."

Kachete anagwedeza mutu. Malamulo a azakhali anali awiri okha, ndipo onse ankawagwira ngati mazira. Loyamba analilandira tsiku limene anamutumiza ku maphunziro a kasamalidwe ka ana aang'ono: akabwerako azichita ndendende monga amuphunzitsira, osachotsapo kanthu. Lachiwiri ndi lomweli, loyankha zofunsidwa zokha. Iye anali mtsikana woti ukamuuza kuti adikire pageti, ukamupeza pageti pomwepo ngakhale mvula itagwa mpaka kukata.

"Ayimba ABC?"

"Ayi."

"Awerenga mpaka teni?"

"Ayi."

"Nanga makolo adzaona chiyani? Mano a ana awo?"

"Ngodya."

"Ngodya zatani?"

Kachete anafotokoza maso ali pa sizasi. Ku maphunziro anawauza kuti ana aang'ono sawakhazika pamzere ngati anthu odikira basi. Chipinda amachigawa m'ngodya: kuno beseni la madzi ndi makapu, uko makatoni omangira nyumba, apo mabuku a zithunzi, kwinako ngodya yoyerekezera, mmene ana amasanduka chilichonse chimene afuna. Ndipo dongosolo la sabata silichokera m'mutu mwa munthu wamkulu. Wamkulu amayamba wakhala phee n'kumaonerera zimene ana akuchita paokha, kenako maphunziro amawamanga pamwamba pa zimenezo. Mbali ya kukhala phee Kachete sanavutike nayo.

Azakhali anapinda manja. Anamukumbutsa kuti iwo anayamba kulera ana a anthu m'nyumba imeneyi iye asanabadwe, ali ndi tchati chimodzi ndi kandodo kolozera, ndipo ena mwa anawo lero amavala mataye. Kholo limafuna kumva mwana wake akufuula A, B, C mpaka aneba atseke mawindo. Madzi ndi makapu ali nazo kwawo.

"Chabwino, waonerera. Waona chiyani?"

"Amakonda ngodya yoyerekezera."

"Amayerekeza chiyani? Dokotala? Dalaivala?"

"Mayi."

"Eya, zimenezo n'zabwino. Kuphika, kubereka chidole kumbuyo."

"Saphika."

"Nanga amatani mayi wosaphikayo?"

"Amafunafuna makiyi."

Apa Kachete mawu anakwerako pang'ono, chifukwa phunziro limeneli ankalinyadira. Kufunafuna makiyi anakuika koyambirira kwa sabata. Mwana akamasuzumira pansi pa tebulo, pamwamba pa kabati, kuseri kwa chitseko ndi m'kati mwa nsapato, amakhala akuphunzira mawu onsewo popanda womukakamiza. Ngakhale mwana wa atelala, amene anabwera wosatha kunena kanthu koma "ayi", tsopano ankadziwa kusiyanitsa pansi ndi pamwamba.

"Amawapeza makiyiwo?"

"Amawapeza m'thumba mwake."

"Basi?"

"Asanawapeze amanena kuti m'nyumba muno muli mbava."

Azakhali anatsonya. "Pamaso pa ana?"

"Ee."

"Anthu ena manyazi anawasiya m'mimba mwa amayi awo. China?"

China chinali foni. Mayi wa m'ngodyayo amatola patapata n'kuliika kukhutu, mawu n'kukhala ngati athira shuga: ayi, palibe vuto, mubwere nthawi iliyonse, mwana ali bwinobwino, ife ndi anu omwe. Akatero amaliponya patapatalo pampando n'kunena zina, ndi mawu enanso, okhuthala. Kachete anaziika m'gawo la chiyankhulo, poti ku maphunziro anati mwana wa msinkhu umenewo akamatha kusintha mawu n'kulumikiza chiganizo chachitali, ndiye kuti ubongo ukukula bwino. Anawonjezeranso phunziro la kudikira nthawi yako, chifukwa ana onse amalimbirana kukhala mayiyo, anyamata omwe.

Azakhali anasendeza mpando kufupi. Nkhope yawo inali itasintha, inali ya munthu amene wamva fungo la chinthu chopserera kwa aneba.

"Tamvera, mwana wa achimwene. Ana sapeka zinthu. Chimene achita pano anachiona kwina. Pali mayi wina pakati pa makolowa amene khalidwe lake n'limeneli."

Kachete anapitiriza kudula katoni. Silinali funso.

"Ngodya imeneyo mawa uyiike pakati penipeni pa balaza. Mipando ya makolo izungulire. Mayi ameneyo adzione yekha ngati pagalasi, anzake onse akuona."

Sizasi inaima pakati pa katoni. Kachete anaona m'maganizo mwake makolo atakhala mozungulira, ana akukanganirana patapata, ndiponso chikwama chake chili pageti. Anayesa njira imene sanaiganizirepo chibwerereni ku maphunziro.

"Kapena angoyimba ABC yo, azakhali."

"Anakuphunzitsa ABC kumeneko?"

"Ayi."

"Ndiye?"

"Ndiye ayi."

"Uchite zimene anakuphunzitsa. Ine ndinakutumiza kuti ukatenge zatsopano, osati undibwezere zanga zomwe."

Azakhali anasisita chibwano, kenako anayamba kuwayeza makolowo mmodzimmodzi, ngati munthu wosankha tomato.

"Ndi uja wa ku saluni. Ndamudziwa. Mitu ya anthu amailuka mpaka kuwala, koma mutu wa mwana wake ngati mwagona nkhuku."

"Si iwo."

"Ukutsimikiza?"

"Ee." Chilungamo chinamukakamiza Kachete kuwonjezera. "Koma zimenezo amanena."

"Ziti?"

"Za nkhukuzo."

"Akunena ndani?"

"Mayi wa m'ngodyamo. Akatsitsa foni."

"Waonatu," anatero azakhali mokhutira. "Si ine ndekha ndinauona mutu umenewo. Ndiye wa ku saluni tamuchotsa, sangadzinene yekha. Ndi namwino uja, make mapasa. Amabwera kudzatenga ana dzuwa litalowa, n'kumati odwala anachuluka, chonsecho lipisitiki ili yongopaka kumene."

"Si iwo. Zimenezonso amanena."

"Za lipisitiki?"

"Ee. Amawonjezera kuti odwala akewo akuoneka kuti ali ndi galimoto."

Azakhali anatseka pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Pabalaza mwana wina anatembenuka n'kung'ung'udza, ndipo onse awiri anauma mpaka anagonanso.

"Ameneyo ndi wamwano," ananong'ona azakhali akupukuta misozi, "koma mutu wake umagwira. Nanenso ndinaganizapo chimodzimodzi tsiku lina. Nanga atelala? Mwamuna angakhale mayi wa m'ngodya?"

"Angakhale. Koma si iwo."

"Munthu wosoka masuti a maukwati, mwana wake kabudula ali ndi mawindo awiri kumbuyo."

"Amati atatu."

"Atatu? Linawonjezeka liti?"

"Sindikudziwa."

Anapitiriza choncho mpaka makolo onse anatha. Mayi wogulitsa zovala amene amatumiza mwana ndi kabokosi kodzadza mpweya, agogo aja amene amabweretsa mdzukulu atamuveka majuzi awiri dzuwa likuswa mtengo, bambo wa pa banki amene amapereka moni akuyang'ana foni. Aliyense azakhali akamutchula ankamupatsa chiweruzo chake, ndipo chiweruzo chilichonse Kachete ankavomera kuti m'ngodyamo chinamveka kale. Iye ankangopemphera chamumtima kuti azakhali afunse funso limodzi lokha, lalifupi, limene mwana aliyense wogona pabalazapo akanatha kuliyankha. Koma azakhali ankalizungulira funsolo ngati munthu wozungulira chithaphwi atavala nsapato zatsopano.

"Ndiye si kholo," anatero pomaliza. "Ndi munthu wakunja, wodziwa za aliyense. Ndi uja wa makatungwe. Akufuna andiipitsire mbiri."

"Ana sanamuonepo."

"Aneba a kuseriwa. Amaima pampanda ngati akuyanika zovala."

"Anasamuka."

"Zoona, anasamuka." Azakhali anayang'ana chitseko cha kuchipinda, kumene amuna awo ankapumula masana alionse chipumireni pa ntchito. Anatsitsa mawu kwambiri. "Amalume ako. Anthu ofatsa aja ndi amene amaopsa. Amakhala duu pampando ngati sakumva, kenako ine ndikapita kumsika n'kumasanzira ana zonse."

"Amalume alimo kale m'seweromo."

"Ehe. Ndinanena ine. Amawayerekeza ndani?"

"Pilo."

"Pilo?"

"Ee."

"Piloyo amatani?"

"Amangokhala pampando. Mayi uja amaima patsogolo pake, manja m'chiuno, n'kumufunsa ngati makutu ali nawo kapena anangomatapo zokongoletsa."

Kumsewu kunadutsa njinga yamoto, phokoso lake n'kuzilala. Azakhali, amene manja awo anali atapita okha m'chiuno, anawatsitsa pang'onopang'ono n'kuwaika pamaondo.

"Akazi ambiri amawafunsa amuna awo zimenezo."

"Ee."

"Si chinthu chachilendo."

"Ayi."

"Makiyinso aliyense amataya."

"Ee."

Azakhali anayang'ana kudenga, anayang'ana makatoni, anachotsa kaulusi pa siketi yawo kamene panalibe.

"Mayi ameneyu ali ndi dzina?"

"Ali nalo."

"Bwanji sunanene nthawi yonseyi?"

"Simunafunse."

"Ndikufunsa."

"Ana amati Azakhali."

Kachete anatseka maso kudikira chimphepo. Koma ana anali m'tulo, ndipo munthu sangakalipe bwinobwino monong'ona. Azakhali anayesa. Anatsegula pakamwa, analoza chala, mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma chimene chinamveka chinali ngati tayala likuphwa. Atapeza mpweya analamula kuti ngodya yoyerekezerayo ichotsedwe lero lomwe, patapata litayidwe, pilo abwerere kuchipinda.

Kachete anafunsa ngati angayankhe ngakhale sanafunsidwe, ndipo atamuloleza ndi dzanja anafotokoza kuti ku maphunziro anati ngodya ukhoza kuichotsa koma sewero sungalichotse. Ana amangolisamutsa. Dzana anachitira ku beseni la madzi, kapu n'kukhala foni. Tsiku lina anachitira ku chimbudzi, mmodzi ali pa poti, akufunsa anzake kuti watenga makiyi ndani.

"Ndiye ABC. Tchati chili kuseri kwa kabati. Ayime pamzere, manja kumbuyo, pakamwa pazituluka zilembo zokha."

"Anayeserapo okha."

"Zinayenda?"

"Mwana wa atelala anagwira kandodo n'kumaloza. Anafika pa D."

"Kenako?"

"Foni inalira."

Azakhali anagwira mutu ndi manja onse awiri. Anafunsa, mawu atafooka, kuti akuluakulu a ku maphunzirowo, poti amadziwa zonse, anati munthu azitani zikafika pamenepa. Kachete anayankha mokhulupirika monga anamvera: mwana sasiya kuyerekeza, ndi mmene amaphunzirira, ndipo kumuletsa kuli ngati kumuletsa kukula. Chimene chimasinthidwa ndi chimene mwanayo akuona. Wamkulu ndiye asinthe.

"Pofika mawa?"

"Anati zimatenga nthawi."

"Kwa munthu wa msinkhu wanga anati zimatenga nthawi yaitali bwanji?"

"Sanafikepo pamenepo."

Mwadzidzidzi azakhali anawongoka. Ganizo lina linali litawalowa, ndipo linaoneka kuti silinagogode.

"Iwe. Seweroli amachitanso kwawo?"

"Sindinawafunse."

"Namwino masiku ano akubwera msanga."

"Ee."

"Wopanda lipisitiki."

"Ee."

"Mwana wa ku saluni sabata ino wabwera ataluka."

"Ndi mikanda yomwe."

"Kabudula wa atelala?"

"Anasokedwa. Mawindo onse."

"Bambo wa pa banki dzulo anandipatsa moni wa manja awiri, foni ili m'thumba. Ine kumati mwina wayamba kupemphera." Azakhali anadzuka, anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, anabwerera, anakhalanso. "Ndiye onsewo akudziwa. Akhala akundimwetulira pageti apa akudziwa. Ndipo mawa akubwera kudzakhala pa mipando yanga."

Kachete anafuna kunena kuti ngakhale akudziwa, palibe ndi mmodzi yemwe amene wachotsa mwana wake, ndiponso kuti ana salimbirana kuyerekeza munthu amene samukonda. Ku maphunziro ananenanso zimenezo. Koma sanafunsidwe, ndipo chilolezo chija anaona kuti chinali cha kamodzi.

Azakhali anayamba kupereka malamulo a mawa mothamanga. Beseni limodzi silikwana, abwereke lachiwiri, ngakhale bafa losambira litulutsidwe. Makapu onse a m'nyumba apite kumeneko, ndi a alendo omwe. Ana anyowe, amange makatoni, agwetse, amangenso, asapeze mpata wotsegula pakamwa. Chilichonse chooneka ngati foni chibisidwe: mapatapata, masipuni, sopo. Amalume atengedwe ndi mpando wawo womwe akakhale kuseri kwa nyumba, kuopa kuti ana angawaone n'kukumbukira. Iwo eni adzaima pakhomo, adzamwetulira, ndipo sadzanena chilichonse choposa moni.

"Zimenezo zikugwirizana ndi maphunziro akowo?"

"Madzi ndi makatoni zikugwirizana."

"Zinazo?"

"Kubisa amalume sanatiphunzitse."

"Uwonjezere."

Kachete anasonkhanitsa makatoni ake, anawasanjika bwinobwino pakhoma, sizasi anaiika pamwamba pa zenera pomwe ana safikira. Anadziwa kuti mabafa ndi makapu sizingatseke pakamwa pa mwana wa atelala, amene anachedwa kuyankhula ndipo tsopano ankabweza nthawi yotayikayo. Mawa wina adzatola kapu n'kuiika kukhutu, makolo adzayang'anana, ndipo mawu a azakhali sabwerera. Kunali bwino kupinda zovala kudakali kowala, kusiyana n'kudzazipinda anthu akuonerera. Analunjika kuchipinda chake.

"Ukupita kuti?"

"Kukalongedza."

"Ndakuuza kuti ulongedze?"

"Munati makolo akakhumudwa."

"Ndinatero." Azakhali anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba. Kamtsikana kowonda, kosayang'ana munthu m'maso, kamene kakhala m'ngodya za nyumba yawo miyezi yonseyi kali phee, makutu ali tcheru. "Taima kaye. Mayi wa m'ngodyayo, za bambo ako amanenanso?"

"Amanena."

"Zambiri?"

"Za bambo n'zochepa. Zambiri n'za mayi."

"Zija za makatani?"

"Ndi za ukwati wa achemwali. Ndi zoti banja lathu lonse nzeru zinathera kwa inu."

Azakhali anatseka maso. "Ukafika kumeneko, achimwene akakukhazika pansi n'kukufunsa kuti kwa azakhali ako kunali zotani, unena?"

"Sindinganame, azakhali."

"Mlamu wanganso akafunsa?"

"Mayi amafunsa kwambiri kuposa bambo."

Pabalaza mmodzi wa mapasa anadzuka, anakhala tsonga, n'kuyamba kusisita m'matumba mwake ndi nkhope ya munthu amene wabedwa. Azakhali anamuona kudzera pazenera. Anatambasula dzanja, anagwira mkono wa Kachete, n'kumukhazika pansi pafupi ndi mpando wawo.

"Iwe m'nyumba muno sutulukamo," ananong'ona. "Ngakhale mawa makolo atenge ana awo onse, ine nditsala ndikulera iweyo."